Momwe Mungatayire M'bale Wanu ku Kachasu

Amene amakwera maminibasi a ku Mchinji amaudziwa Mpingu ngati malo pomwe galimoto imaima pang'ono, anthu n'kutsika ndi matumba a fetereza, akabaza n'kuthamangira katundu. Ife amene tinakulira m'midzi ya kuseri kwa msewuwo timadziwa zina. Timadziwa makomo omwe kuseri kwake kumafuka utsi usiku wonse, mgolo uli pamoto, paipi itadutsa m'madzi ozizira, kachasu akudonthera m'botolo. Timadziwanso mitumbira ya anthu amene anapita asanakwanitse zaka 40, ndipo achimwene anga agona pakati pa amenewo.

Chichitikireni maliro a achimwene ndakhala ndikucheza ndi mabanja a ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma amene anaika maliro a mtundu womwewo. Chimene chinandizizimutsa n'chakuti tonse tinayenda njira imodzi, ngati kuti wina anachita kutilembera malangizo. Panalibe wodana ndi m'bale wake. Aliyense ankachita zomwe zinkaoneka ngati chikondi, ulemu ndi nzeru. Malangizo amenewo ndawalemba pano monga momwe tinawatsatira. Si nthabwala ayi. Ndi njira yolakwika, ndipo imakafikadi kumanda. Ndikuilemba kuti wina akaiwerenga azindikire pamene banja lake lafika, nthawi yobwerera ikadalipo.

Yambani mwana akadali wamng'ono. Kukabwera alendo, mupatseni botolo ndi ndalama akagule kwa mayi wotcheza kachasu kumapeto kwa mudzi. Akabwera mulawitseni pang'ono, akakwinya nkhope musekerere. Akamasinkhuka azimva akuluakulu akunena kuti mwamuna weniweni sakana chipanda. Lamulo la dziko lino limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, koma inu muziti lamulolo ndi la m'mabala a m'tauni. Mukatero mwabzala mbewu pa nthaka yofewa, chifukwa ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo mbali yomwe imakhwima pomaliza ndi ija yothandiza munthu kudziletsa. Woyamba kumwa ali wachichepere ndiye amakodwa msanga. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ambiri tinapuma poganiza kuti ana apulumuka. Mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo totchipa tomwe anyamata amati midoli, ndipo kachasu wa m'mudzi sanasunthe n'komwe.

Akayamba kumwa yekha, lipatseni vutolo dzina lofewa. Muziti amangomwako, kapena kuti ndi unyamata, akakwatira asiya. Muyeso wanu ukhale umodzi: kodi wagwa m'ngalande? Ngati wabwera yekha kunyumba akuyenda bwinobwino, mutamandeni kuti ali ndi mutu wolimba. Ife tinkanyadira kuti achimwene amatha kumaliza velemoti osadzandira, osadziwa kuti chomwe tinkatamandacho chinali chizindikiro choyamba cha matenda. Thupi likazolowera mowa limafuna wambiri kuti limve zomwe poyamba linkamva ndi wochepa. Mu ubongo muli njira yomwe imatipatsa chisangalalo tikadya, tikacheza ndi anzathu kapena tikakolola bwino, ndipo imayenda ndi timadzi totchedwa dopamine. Mowa, fodya, chamba ngakhalenso juga zimaigogoda njira imeneyi mwamphamvu kuposa nsima ndi kuseka kwa mwana. Zikapitirira, ubongo umadziteteza pochepetsa kumva kwake. Zinthu zija zinkamusangalatsa munthu zimasukuluka, ndipo amayamba kumwa kuti angokhala ngati munthu wamba, osatinso kuti asangalale. Apa ndi pamene chibaba chimabadwira. Osuta chingambwe amachidziwa bwino chibaba: munthu amadzuka pakati pa usiku kufunafuna kanyuzipepala kopichirira fodya, iye mwini akudziwa kuti chifuwa chamutha.

Tsiku lomwe mudzamuone akudzuka manja akunjenjemera, n'kupita kukamwa kaye kuti achotse matsire asanagwire khasu, inu yang'anani kumbali. Akalonjeza kuti amwa kapu imodzi n'kubwera m'bandakucha, muziti ndi anzake akumuwononga. Akasiya mpira, akasiya kwaya, akaleka kupita kudimba, muziti watopa. Achipatala akamafuna kudziwa ngati munthu wakodwa amafunsa zinthu zomwezi: kulephera kudziikira malire, kusiya zina zonse chifukwa cha mowa, kupitiriza ngakhale mavuto akuoneka, ndi kudwala akapanda kumwa. Zonsezi tinkaziona ndi maso athu kwa zaka zambiri, koma chilichonse tinali titachipezera chifukwa chake.

Kenako bisani. Ili ndiye phata la njira yonseyi, ndipo mabanja aulemu ndi amene amalidziwa bwino. Akagona panjira, katengeni usiku anthu asanadzuke. Akajomba kuganyu, kanenereni kuti wadwala malungo. Mkazi wake akabwera akulira, muuzeni kuti, "Alamu, banja ndi kupirira, za m'nyumba sitiulutsa." Ankhoswe asamve, atsibweni asamve, abusa asamve. Koposa zonse dokotala asamve. Mukapita naye kuchipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete chifukwa cha m'mimba kapena kutupa miyendo, dokotala akafunsa ngati amamwa, yankhani msanga inuyo kuti, "Pang'ono chabe, pa zisangalalo." Dokotalayo apereka mankhwala a chizindikiro chomwe mwamuuza, gwero lake n'kutsala.

Nthawi yonse yomwe mukubisayi, thupi silidikira. Chiwindi ndicho chimasefa mowa, ndipo chimapirira mwakachetechete kwa zaka: chimayamba chachita mafuta, kenako chimatupa, pomaliza chimauma n'kuchita zipsera zomwe sizibwereranso. Pamene maso akuchita chikasu, mimba n'kudzaza madzi, munthu n'kuyamba kusanza magazi, ulendo umakhala utapita patali. Chomvetsa chisoni n'chakuti pachiyambi paja chiwindi chimatha kuchira munthu akangosiya kumwa, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe timazitaya pobisa. Mowa umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kuthamanga kwa magazi kumabweretsa sitiroko. Umafooketsa chitetezo cha m'thupi moti chifuwa chachikulu chimapeza khomo lotsekula. Amene ali pa ma ARV akaledzera amaiwala kumwa mankhwala, kachirombo n'kupeza mpata. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo mowa ndi fodya zili pakati pa zinthu zodziwika kuti zimaonjezera chiopsezo cha khansa imeneyi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 mowa unapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni pa dziko lapansi. Kachasu ali ndi vuto linanso: alibe muyeso. Botolo la lero likhoza kukhala laukali kuposa la dzulo, ndipo palibe amene amayeza zomwe zalowamo. Mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa womwe omwa okha anaupatsa dzina loti "ambuye ntengeni". Dzina lokhalo likusonyeza kuti amene amamwa amadziwa komwe akulowera, koma kudziwako pakokha sikuwamasula.

Ngongole zikayamba kubwera pakhomo, lipirani. Mayi wa shabini akabwera ndi kope lake, gulitsani nkhuku. Wakatapila akabwera kudzalanda njinga, gulitsani mbuzi. Muzitonthozana kuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ngakhale mwanayo ali ndi ndevu ndi ana atatu. Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, kapena soya ndi mtedza zikapita kwa mavenda, ndalama zonse zilowe m'thumba mwake chifukwa ndi mutu wa banja, ndipo kumufunsa n'kumuchotsa ulemu. Akabwera patatha masiku anayi ali chimanjamanja, mkazi wake akakongole ku banki m'khonde kuti mugule fetereza. Mukachita zimenezi kwa zaka zitatu, mudzakhala mutamuphunzitsa phunziro limodzi lozama: kuti moto womwe amakoleza umawotcha anthu ena. Sindikunena kuti munthu asiyidwe ndi njala. Chakudya ndi pogona mupatseni, kuchipatala muperekezeni. Koma ndalama ya m'manja kwa munthu wa chibaba ndi mowa kale, ndipo ngongole iliyonse yomwe mwamubwezera mwakachetechete ndi chilolezo chokakongolanso.

Masiku ano njira yomweyi yapeza mphambano yatsopano, ndipo pano kulakwitsa n'kosavuta chifukwa palibe fungo. Mnyamata wa kabaza amakhala pansi pa mtengo, maso ali pafoni, akuonera kandege ka juga kakukwera. Sadzandira, salankhula zotukwana, pakamwa pake sipanunkha kanthu. Choncho muziti bola ameneyu, samwa. Ndalama yatsiku ikamathera pa Airtel Money kapena pa Mpamba isanafike kunyumba, muziti akuyesa mwayi. Akapata kamodzi n'kugula shuga ndi nyama, muyamikeni pamaso pa anthu, ndipo mufunseni manambala a mawa. Akaluza ndalama ya mwini njinga yamoto, mubwerekeni ina kuti abweze zomwe zapitazo. Kuthamangitsa ndalama yoluza ndiye mtima wa matenda a juga. Masewerawa anakonzedwa mwa masamu kuti pa nthawi yaitali wopambana akhale mwini wake, ndipo kupata kwa apo ndi apo ndiko kumamanga ubongo kolimba kuposa kupata kwa tsiku lililonse, chifukwa munthu sadziwa kuti mwayi ubwera liti ndiye saleka kudikira. Bungwe la WHO, m'buku lake la mayina a matenda lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, linaika kutchova juga kosaletseka m'gulu limodzi ndi zizolowezi za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chiwindi cha wajuga chimakhala bwinobwino. Chimene chimamupha ndi ngongole, manyazi ndi kusowa tulo, mpaka maganizo ofuna kudzichotsera moyo. Mukamumva akunena kuti, "Bola ndingochoka, mupume," njira yolakwika ndi kumukalipira kuti asiye kulankhula zachibwana, n'kusiya mankhwala a mbewu pamalo pomwe amakhala nthawi zonse. Mawu otero amafuna kukhala naye pansi, kumufunsa mosazungulira, kuchotsa zoopsa m'nyumba ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zinthu zikafika poti sizingabisikenso, funani womulodza. Mwana wanzeru chonchi, amene anakhoza mayeso a fomu 4, sangasanduke chidakwa popanda dzanja la munthu. Yang'anani agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi, kapena mnzake amene bizinesi yake ikuyenda. Pitani kwa sing'anga, perekani nkhuku ndi ndalama, muuzidwe zomwe munapita mukuziganiza kale. Mukabwerako mudzakhala ndi adani awiri atsopano m'mudzi, mwinanso mlandu, poti lamulo la dziko lino, lomwe lakhalapo kuyambira 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Wodwala uja adzakhala atapeza pobisala pabwino koposa: ngati analodzedwa, palibe chomwe iye angachite, ndipo palibe chifukwa chopitira kuchipatala. Mukatero gulani mankhwala osiyitsa mowa, aja amati muthire mobisa m'chakudya kapena m'botolo lake. Adzasanza usiku wonse, mwina mpaka magazi, pakuti simukudziwa chomwe mwathira pa chiwindi chotopa kale. Akadzazindikira, sadzadyanso nsima ya mkazi wake ndi mtima umodzi, ndipo munthu yekhayo amene akanamumvera adzakhala atasanduka womuthira mankhwala.

Za pemphero ndilankhule mosamala, chifukwa ine ndimapemphera, ndipo ndaona anthu amene mpingo unawagwira dzanja mpaka anaima. Kulakwa kuli pomupititsa kukapemphereredwa usiku umodzi, n'kulengeza kuti chiwanda chatuluka, basi nkhani yatha. Wodwala shuga timamupempherera ndipo timapitanso naye kuchipatala. Chidakwa chokha ndi chimene timachiuza kuti chisankhe pakati pa Mulungu ndi dokotala.

Tsopano ndifike pomwe ife tinalakwitsa kwambiri. Mtima ukakutherani, itanani amuna amphamvu a pabanja, mumugwire, mumutsekere m'chipinda, mukhome chitseko. Nenani kuti akhala momwemo mpaka mowa utamuchoka m'magazi. Zimaoneka zanzeru: ngati vuto ndi mowa, chotsani mowa. Ife tinachita zimenezi Lamlungu lina madzulo, titagwirizana pabanja, amayi akulira koma akuvomereza. Usiku woyamba achimwene ankatukwana ndi kumenya chitseko. Kutacha ankanjenjemera thupi lonse, thukuta lili kamukamu, chakudya akukana, madzi akusanza. Ife tinati ndi poizoni akutuluka. Usiku wachiwiri anayamba kuitana amayi ndi mawu a mwana wamng'ono. "Amayi, chotsani njokazi. Amayi, zikukwera pamphasa." Amayi anayankha ali kunja kwa chitseko, "Limba mtima mwanawe, kulibe njoka, gona." Tsiku lachitatu tinamva chiphokoso, ndipo titatsekula tinawapeza ali pansi akuphupha ngati wakhunyu, lilime atadziluma.

Tinathamangira nawo kuchipatala pa ngolo mpaka kumsewu, ndipo ulendo umenewo anapulumuka. Dokotala amene anatilandira sanatikalipire. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera zomwe ndikanakonda mudzi uliwonse ukanadziwa. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku umazolowera kukankha mwamphamvu kuti ulimbane ndi kuponderezako. Mukachotsa mowa mwadzidzidzi, ubongo umapitiriza kukankha popanda choubweza. Kunjenjemera kumayamba patangopita maola ochepa. Kukomoka ndi kuphupha kumabwera kawirikawiri m'masiku awiri oyamba. Cha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu kotheratu, amaona zinthu zomwe palibe, thupi limatentha, mtima umathamanga, ndipo popanda chithandizo munthu akhoza kufa. Si aliyense womwa amene zimamuchitikira, koma amene amadzuka akunjenjemera, kapena amene anakomokapo atasiya kumwa, ameneyo asamasiye yekha m'chipinda. Kuchipatala amapereka mankhwala okhazika ubongo pansi omwe amawachepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, amabwezeretsa madzi m'thupi, ndipo amapereka vitamini B1, yemwe anthu omwa kwambiri amasowa chifukwa sadya mokwanira. Kusowa kwa vitamini ameneyu ndi komwe kumasiya ena akuyenda motagaza ndi kuiwala zomwe zachitika m'mawa womwewo, mpaka moyo wawo wonse. Chitseko chomwe tinakhoma chija chikanatha kuwapha achimwene msanga kuposa kachasu.

Kwa wosuta chamba njira yolakwika imafanana, kungoti m'malo mwa loko mumagwiritsa ntchito chingwe kapena unyolo. Poyamba muziti chamba chimapatsa mphamvu zolimira, ndiponso kuti boma linachiloleza. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo ali ndi chiphaso, ndipo kusuta n'koletsedwabe. Si onse osuta amene amadwala misala, koma woyamba ali wamng'ono, wosuta tsiku lililonse, ndi amene kubanja kwawo kuli kale matenda a maganizo ali pa chiopsezo chachikulu. Mnyamata akayamba kulankhula yekha ndi kukayikira aliyense, mumangirireni pamtengo, ana azimuseka. Wina akatchula chipatala, kanani kuti simukufuna mwana wanu apite ku Zomba, ngati kuti Zomba Mental Hospital ndi manda, komanso ngati kuti kulibe kwina. Chithandizo chimayambira pachipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, ndipo iwo amadziwa kotumiza munthu ku Lilongwe konkuno. A St John of God, amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, alinso mu mzinda wa Lilongwe, ndipo kuthandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ndi imodzi mwa ntchito zawo. Matenda a maganizo akagwiridwa msanga amamva mankhwala bwino kuposa akakhalitsa. Mwezi uliwonse wa pachingwe ndi mwezi wochotsedwa pa kuchira kwake.

Zonsezi zikakanika, sambani m'manja. Pali mwambi wokuthandizani: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nenani kuti adzasiya yekha akadzafuna, kapena akadzafika pothera penipeni. Mwambiwo ndi woona pa zambiri, koma pano umanama, chifukwa matendawa amagwira dzanja lomwelo lotsekulira chitseko. N'zoona kuti palibe amene angasiyire mnzake mowa. Koma kufuna kusiya sikugwa kumwamba. Kumakula pamene wina akulankhula naye m'mawa ali bwinobwino, osati usiku ataledzera. Pamene akumuuza zomwe waona ndi maso popanda kumutcha mayina. Pamene akumufunsa chomwe chimamupweteka. Ambiri amamwa pofuna kuziziritsa chinachake: imfa ya mwana, ulova, nkhanza zomwe anakumana nazo ali wamng'ono, matenda a nkhawa omwe sanawatchulepo kwa munthu. Achimwene anayamba kumwa mowirikiza chaka chomwe fodya wawo anabwezedwa kumsika, ngongole ya fetereza ili pakhosi, ndipo palibe mmodzi wa ife anawafunsapo za chaka chimenecho. Tinkangowafunsa kuti asiya liti.

Mwina m'bale wanu adzasiya ndithu. Achimwene atatuluka m'chipatala anakhala miyezi isanu ndi iwiri osalawa dontho. Nkhope inabwerera, anafoleranso denga, ana anayamba kuwathamangira akamabwera. Pamenepa njira yolakwika ndi yokoma kwambiri: lengezani kuti wachira. Musabwererenso kuchipatala pa tsiku lomwe anakuuzani, poti munthu ali bwino ndipo thiransipoti ndi yodula. Mubwezereni ndalama zonse za pakhomo nthawi imodzi kuti aone kuti mukumukhulupirira. Musaganizire zoti madzulo aliwonse, nthawi ija ankakhala kushabini, tsopano amakhala yekha pakhonde, anzake onse ali komwe kuja, ndipo palibe amene wabwera kudzakhala m'malo mwawo. Kukakhala chiliza kapena ukwati, mukhazikeni pakati pa amuna pomwe chipanda chikuzungulira, ndipo wina akanena kuti, "Achimwene, kamodzi kokha sikapha," inu sekani nawo.

Ubongo umachira, koma umachira pang'onopang'ono, ndipo sufufuta njira zakale. Fungo la masese, nyimbo ya pa shabini, ndalama yambiri m'thumba, mkangano wa m'nyumba, chilichonse mwa izi chikhoza kudzutsa chibaba chomwe chinagona miyezi. N'chifukwa chake kuchira kumafuna anthu ndi zochita: uphungu wobwerezabwereza, ntchito ya manja, munthu mmodzi woti n'kumuimbira foni chibaba chikafika, ndi ena amene anadutsa momwemo. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene amuna awiri omwa mwauchidakwa, Bill Wilson ndi Bob Smith, anapeza kuti kulankhulana okhaokha kunkawathandiza kukhala osamwa tsiku limodzi, kenako lina. Nzeru imeneyo sifuna nyumba ya malata kapena ndalama. Anthu atatu osiya mowa akhoza kumakumana pansi pa mtengo wa mango Lachitatu lililonse, mlangizi wa zaumoyo kapena mkulu wa mpingo n'kumawayendera. Ife kwathu tili ndi magulu a chilichonse, a banki m'khonde, a alimi, a amayi a mvano, koma munthu wosiya mowa tinamusiya yekha.

Akadzagwa, ndipo ambiri amagwa kamodzi kapena kangapo asanaime, muuzeni kuti mwadziwa kale kuti sangasinthe. Mukumbutseni mbuzi zonse zomwe munagulitsa. Miyezi isanu ndi iwiri ija muiwerenge ngati bodza lomwe anakunamizani. Wodwala kuthamanga kwa magazi akadwalanso timabwerera naye kwa dokotala kuti akaonenso mankhwala, koma uyu muuzeni kuti mwatopa naye. Manyazi ndi nkhuni za chibaba: munthu amene wauzidwa kuti ndi wotayika amakamwa kuti aiwale kuti ndi wotayika. Achimwene anagwa pa chiliza cha atsibweni athu. M'mawa mwake anabwera kwa ine maso ali pansi, nati, "Mng'ono wanga, ndiperekeze kuchipatala kuja." Ine ndinali ndi mkwiyo, ndipo ndinawayankha kuti ndalama zoterozo zinatha. Sanandipemphenso.

M'zaka zonsezi musayang'ane mkazi wake ndi ana. Maso onse akhale pa womwayo. Mayi amene akugona ndi mantha, amene amabisa ndalama m'thumba la ufa, amene nthawi zina amamenyedwa, muzingomuuza kuti apirire. Akathawira kwawo ndi ana pofuna kudziteteza, muziti ndiye wathawitsa banja. Ndipo ngati womwayo ndi mkazi, bisani kawiri, chifukwa manyazi ake ndi awiri. Akhale woyembekezera akumwabe, osauza anamwino kusikelo, ngakhale mowa umadutsa kukafika kwa mwana m'mimba ndi kuwononga ubongo wake kwa moyo wonse. Mkwiyo wanu wonse muutulire mayi wotcheza kachasu, amene naye akutcheza kuti alipirire ana sukulu, ndipo mukatha kumunyoza masana mutumize mwana kukagula kwa iye madzulo.

Chomaliza chimachitika pamaliro. Achimwene anamwalira patatha chaka ndi theka, mimba itatupa, maso ali achikasu, akusanza magazi. Tinakhala pansi usiku ndi akuluakulu kukonza zoti zikanenedwe kumanda, ndipo tinagwirizana kuti mwini mbumba akanene kuti anadwala m'mimba nthawi yochepa. Anatero, anthu n'kugwedeza mitu, ngakhale panalibe mmodzi wosadziwa. Nyakwawa inathokoza onse obwera. Abusa analalikira za kufupika kwa moyo. Mawu oti mowa sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense tsiku limenelo, ndipo anyamata amene ankamwa nawo anakhala kumbuyo, akumva kuti mnzawo wafa ndi m'mimba.

M'mawa wa tsikulo adzukulu anali atatumiza uthenga kuti nthaka yauma, akufuna kowalimbitsa. Akuluakulu anasonkha ndalama. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womutuma, ndipo amene anali pafupi anali mwana woyamba wa achimwene, wa zaka 11. Anamupatsa botolo, ndipo sanafunikire kumulozera njira.